Atate Sanagulitse Madimba

Kwathu munthu wamkulu akakuyankhani kuti "Tamva," musathamangire kuwomba m'manja. Sanavomere ayi. Wangokuuzani kuti mawu anu alowa m'khutu, tsopano nyamukani muzipita, ife tikagone nawo, tikafunsane, tikafuna tidzakuitanani. Nthawi zambiri ndiko kukana komwe, koma kukana kwaulemu, chifukwa mlendo sakanidwa pamaso pa gulu. Mwana wa zaka faifi wa ku Mfuwe amazidziwa zimenezi. Koma ine ndinachita kukwera ndege mpaka ku Ulaya kukaphunzira za ubale wa mayiko, n'kukapeza anthu a madigiri atatuatatu sakuzidziwa, ndipo safunanso kuzidziwa. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa ngati zachitika dzulo.

Ndiyambe ndi atate anga, poti nkhani ndi yawo.

Atate ndi a ku Msoro. Anaphunzira pasukulu ya mishoni, n'kubwera kuno kudzafuna ntchito, ndipo anaipeza: uweta pa loji ina ku Chinzombo, kuperekera azungu tiyi ndi kuwafunsa ngati agona bwino. Anakwatira amayi n'kukhala pamudzi pa amayi monga mkamwini. Chingerezi chawo chinali chosalala, ndipo mudzi wonse unkachibwereka ngati mtondo wa pakhomo. Kalata ikabwera, pepala la kuchipatala likavuta, anthu ankati, "Tiyeni kwa akamwini." Kutchalitchi ndiwo ankawerenga mawu.

Ndili giredi seveni, kunabwera alendo atatu a bungwe lina la kunja, pagalimoto yoyera. Nkhani yawo inali ya madimba athu, amene anali m'mbali mwa kamtsinje kothira mu Luangwa. Ankati njovu zimadutsa pamenepo popita kumadzi, ndiye anthu achokepo, nyama zizidutsa mwaufulu, ndipo iwo atikumbira mjigo kumtunda kuti tikayambe madimba ena. Msonkhano unachitikira pansi pa mtengo wa msikidzi pafupi ndi tchalitchi. Womasulira amene anabwera naye anadwala m'mimba, choncho anatumiza galimoto kukatenga atate kuntchito. Anafika atavala yunifolomu yawo yoyera n'kuimirira pakati. Ine ndinali kumbuyo ndi amayi, ndikunyada ngati atatewo ndi nduna ya boma.

Pamisonkhano ya alendo anthu kwathu amasiya Chikunda n'kulankhula Chinyanja, ndipo tsiku limenelo zinali choncho. Alendo analankhula, atate anamasulira, dzuwa linafika pamutu. Woyankhira mudzi anali malume awo a amayi, amene ife tinkawatcha agogo, msodzi wakale wouma mutu, mwini dimba lalikulu kuposa onse. Alendo atamaliza, agogo anavula chipewa, anakanda m'mutu, anachivalanso.

"Tamva," anatero.

Gulu lonse linabwereza chapansipansi, "Tamva, tamva." Atate anatembenukira kwa alendo n'kunena timawu tochepa m'Chingerezi. Mayi wina mwa alendowo, amene ankalemba zonse m'kope, analemba. Kenako onse atatu anawomba m'manja, anagwira agogo chanza, anajambula zithunzi. Anthu anaseka, amvekere, "Azunguwa ndi anthu achimwemwe, akuwombera m'manja chiyani?" Aliyense anabwerera kwawo akudziwa kuti nkhani sinathe, yangoyamba.

Itatha nyengo yokolola, kunafika magemu, alonda a nyama zakutchire aja, atanyamula mitengo yopaka penti. Anaikhoma kuzungulira madimba. Anthu atafunsa, anayankhidwa kuti, "Munavomera nokha, pepala lilipo." Mjigo anakumbadi, sindinama. Koma dothi la kumtunda ndi louma ngati njerwa, ndipo m'mwezi wa Okutobala, pamene kale tinkadya repu ndi matimati a kudimba, tinayamba kudalira mfutso.

Ndiye mudzi unafunsa funso limodzi: analankhula ndi azungu aja ndani?

Agogo anabwera pakhomo pathu m'mawa wina. Amayi anawayalira mphasa, iwo osakhala.

"Akamwini, munawauza chiyani anthu aja?"

"Ndinawauza kuti akuti amva."

"Nanga anawomberanji m'manja?"

Atate nawonso sankadziwa. Agogo analavula pansi n'kunena mokweza, kuti oyandikana nafe amve, kuti mkamwini akakula mwendo mapeto ake ndi amenewa. Ati munthu amene mchombo wake unagwera ku Msoro angawamvere chisoni bwanji madimba a eni?

Kuyambira tsiku limenelo atate anasanduka wogulitsa madimba. Makalata anasiya kubwera. Kutchalitchi anapatsa wina kuwerenga mawu, munthu wochita kuloza chilembo chimodzichimodzi ndi chala. Pamaliro, amuna akamakumba manda n'kumalandirana khasu, khasulo linkawadumpha atate n'kupita kwa wotsatira. Iwo ankangoima, manja kumbuyo. Abale a amayi anauza amayiwo kangapo kuti munthuyu abwerere kwawo. Amayi anakana, nawonso n'kuyamba kupita kumjigo okhaokha opanda wocheza naye. Kusukulu anzanga ankandifunsa ngati nsapato zanga ndi za dimba la agogo.

Ndipo ndiulule chinthu chimene chimandichititsa manyazi: inenso ndinkakayika. Pamsonkhano paja Chingerezi changa chinali chisanakhwime, sindinamve zimene atate ananena. Ndinkawayang'ana akusita yunifolomu yawo n'kumadzifunsa kuti, kodi mwina anafuna kusangalatsa azungu? Sindinawafunsepo, ndipo iwo sanadzitetezepo kwa ine ngakhale kamodzi.

Mutu wa sukulu ndinali nawo. Nditamaliza sekondale ku Chipata, ndinapeza mwayi wa maphunziro ku yunivesite ina ku Ulaya. Vuto linali kufotokoza kunyumba chimene ndikukaphunzira. Ndinati ndi ubale wa mayiko: mmene mayiko amakambirana, mmene amakanganirana, mmene amayanjanirana.

"Oo, unkhoswe," anatero amayi. "Ndiye unkhoswe umafuna ndege?"

Agogo atamva, anauza anthu kuti atate ake anagulitsa madimba, mwanayu akabwerako adzagulitsa Luangwa yense ndi mvuu zomwe. Mawu amenewo anandipeza ndisananyamuke, poti kwathu mawu oipa sachedwa panjira.

Za kuzizira kwa kumeneko sindinena, ena ananena kale. Chimene chinkanditopetsa ine ndi mafunso. "Kwanu mikango imafika pakhomo?" Ndinkafuna kupsa mtima, koma ndingapse bwanji pamene njovu zimatithyoleradi mango kuseri kwa nyumba? Ndikanena zoona, ankatong'ola maso n'kuitana anzawo kuti adzamve. Ndikabisa, ndinkadzinyoza ndekha. Ndinaphunzira kungomwetulira n'kulowa m'mabuku: nkhondo, mapangano, malire, ndani anasaina, ndani anakana kusaina. Ndipo maphunzirowo ndinkawakonda, asakunamizeni munthu. Ndinkakonda kuona mmene liwu limodzi m'pangano limakanganitsira mayiko zaka ndi zaka. Aphunzitsi athu ankabwereza tsiku ndi tsiku kuti pa zokambirana mawu ndiwo chilichonse, tizisamala ngakhale kadontho. Ndinkalemba zimenezo m'kope mwanga ndi mtima wonse, wopusa ine.

M'chaka chachiwiri tinali ndi phunziro la mmene mabungwe a kunja amakambirana ndi anthu a m'midzi. Wophunzitsa anali pulofesa wina wamtali, woyenda panjinga, munthu wosadziwa kukwiya. Anafikako ku Luangwa kamodzi, anagona pa loji sabata imodzi, n'kubwerako ndi mawu awiri. Tikakumana m'khonde ankafuula, "Muli bwanji!" Ine ndikamatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, iye wafika kale pamasitepe. Chaka chathunthu munthuyo anandifunsa mmene ndilili, osamvapo yankho.

Sabata ina anatipatsa mtolo wa mapepala kuti tikawerenge, ati chitsanzo cha kukambirana kwabwino. Ndinakhala nawo m'laibulale masana, ndikuyasamula. Tsamba loyamba, dzina la kamtsinje kathu. Ndinati mwina ndi mayina ofanana. Ndinatembenuza tsamba. Mayo ine! Mtengo wa msikidzi uja, agogo ndi chipewa chawo, ndipo pakati, atate anga mu yunifolomu yoyera, dzanja lili m'mwamba. Kumapeto kwa mtolowo kunali zolemba za mayi wa kope uja, mawu ndi mawu monga analankhulidwira. Ndinatsata ndi chala mpaka pansi. Panalembedwa kuti mkulu wa mudzi wayankha, ndipo womasulira wati: akuti amva. Mzere wotsatira, pansi pake penipeni, panalembedwa kuti anthu onse agwirizana nazo ndipo msonkhano watha mwachimwemwe.

Akuti amva. Atate sanawonjezere, sanachotsere. Anapereka mawu a agogo monga ankaperekera tiyi, osataya ndi dontho lomwe. Amene anasandutsa kumva kukhala kuvomera ndi mayi wa kopeyo ndi cholembera chake, pakati pa mzere umodzi ndi unzake. Zaka zonse zimene khasu linkadumpha atate anga, umboni unali phee pashelefu, m'nyumba yofunda, kudziko limene iwo sadzapondako. Ndinatukwana m'Chikunda mokweza, mpaka woyang'anira laibulale anabwera kudzandiloza chikwangwani choletsa phokoso. Ndinatuluka panja n'kulira pachisanu, ndipo theka la misoziyo linali la manyazi, ine wokayikira atate anga.

Tsiku la kalasi pulofesa anaonetsa chithunzi chija pakhoma, chachikulu ngati chitseko. Anayamikira zonse: taonani, anagwiritsa ntchito womasulira wa komweko, anapatsa akuluakulu mpata wolankhula, palibe amene anakakamizidwa. Ndinakweza dzanja.

"Bambo avala zoyerawo ndi atate anga."

Kalasi yonse inatembenuka. Pulofesa anakondwa ngati mwana wapatsidwa switi. "Koma zodabwitsa! Tili ndi mboni pakati pathu. Tiuzeni, zinthu zinayenda bwanji pambuyo pa mgwirizanowu?"

"Panalibe mgwirizano. Anthu aja sanavomere."

Ndinafotokoza za "tamva" pang'onopang'ono, monga ndakufotokozerani inu poyamba paja. Ndinawerenga mizere iwiri ija. Ndinanena za mitengo yopaka penti, za mfutso, za khasu la kumanda.

"Koma ngati sankafuna," anafunsa pulofesa mofatsa, "bwanji sananene kuti ayi?"

"Kwathu mlendo sakanidwa pamaso. Mumamulola apite, kenako mumatuma munthu."

"Nanga anatuma munthu?"

"Akanamutuma kuti? Galimoto inapita, sinabwerenso."

Mtsikana wina wa kutsogolo, amene ankafuna kudzakhala kazembe, anati pa zokambirana munthu wosakana ndiye kuti walola, ndi mmene zimakhalira kulikonse. Kulikonse! Mwana woti kunja kwa dziko lake anangopitako kukasambira kunyanja, akundiuza ine za kulikonse. Pulofesa anagwedeza mutu n'kunena kuti chikhalidwe ndi nkhani yosangalatsa kwambiri, ndikailembe m'pepala langa la mayeso. Anadina batani, atate anazimiririka pakhoma, panabwera chithunzi cha dziko lina. Potuluka, anzanga awiri anandithamangira. Ndinkaganiza kuti abwera kudzandipepesa. Ayi, ankafunsa ngati loji ya atate ili yabwino, poti akufuna kudzaona njovu patchuthi.

Ndinalemba. Masabata atatu ndinalimbana ndi pepala limenelo. Linabwerako ndi malikisi ongokwanira kukhoza, ndi inki yofiira m'mbali monse. Ati iyi ndi nkhani ya m'banja. Ati ndi buku liti limene likunena kuti mawuwa amatanthauza zimenezi? Ati tchulani katswiri.

Katswiri! Abale inu, chilankhulo chimene ndachimva kuyambira ndili kumsana chikufuna mzungu achisainire kaye kuti chikhale choona? Agogo amene ananena mawuwo ali moyo, atate amene anawamasulira ali moyo, ine amene ndinaimirira pamenepo ndili pano ndikupuma, koma tonsefe si umboni. Umboni ndi mayi amene anakhala pamudzi pathu maola atatu osadziwa ngakhale kupereka moni.

Ndinapita ku ofesi ya pulofesa ndi pepala m'manja. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, mpaka khofi. Kufatsa kwakeko ndiko kunkandipsetsa mtima kwambiri. Bola munthu wokalipa, mumadziwa pomugwira. Anati akumvetsa ululu wanga, koma ndili pafupi kwambiri ndi nkhaniyi, choncho sindingaione bwino.

"Ndiye woona bwino ndi amene ali kutali?"

Anaseka pang'ono, ati ndili ndi nzeru zakuthwa. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha: alembere bungwe lija, livomere kuti linalakwitsa, litumize kalata kumudzi yoyeretsa dzina la atate. Madimba ndinkadziwa kuti sabweranso, sindinapemphe madimba. Ndinapempha dzina basi. Anatambasula manja. Ati ntchito ija inatsekedwa kalekale, anthu ake anabalalika, mayi wa kope uja akugwira ntchito kwina kutali. Chimene angachite, anatero, ndi kuwonjezera kamzere pansi pa tsamba chaka chamawa, konena kuti ena ali ndi maganizo osiyana. Ha! Atate anga akwane m'kamzere ka pansi pa tsamba.

Anaimirira, kusonyeza kuti nthawi yatha. "Ndikhulupirira kuti tamvana?"

Ndinamuyang'ana m'maso. Ndinamuyankha m'Chingerezi chake chomwe, mawu omwe aja a pamsonkhano: "Ndamva."

Nkhope yake inawala. Anandigwira chanza mwamphamvu. "Ndakondwa kuti tagwirizana," anatero. Munthu amene ndinamulembera masamba twente ofotokoza liwu limodzi lomweli! Ndinatuluka msangamsanga ndisanachite chinthu chimene chikanandichotsetsa sukulu.

Ndinajambulitsa masamba awiri aja pa fotokope, la chithunzi ndi la mizere, n'kuwasunga m'pulasitiki pamodzi ndi pasipoti. Pafoni sindinauze munthu. Ndinkafuna ndikawerenge ndekha, ndi pakamwa panga, anthu akundiona.

Nditabwera kutchuthi, ndinawaonetsa atate kaye. Anali atapuma ntchito, maso atayamba kuchita mdima. Anayandikitsa pepala kumaso, anawerenga mizere iwiriyo milomo ikugwedera, n'kundibwezera.

"Ndi zomwe ndinanena," anatero. Basi.

Ndinagwada n'kuwauza kuti inenso ndinkawakayikira. Anati ankadziwa, mwana sabisa nkhope. Ndinawapempha kuti tipite limodzi Lamulungu tikawerengere anthu.

"Ine ndinayankha kale kamodzi, pakhomo pano. Ukafuna pita wekha."

Ndinapitadi, amayi ali pambuyo panga atamanga chitenje chatsopano. Mapemphero atatha ndinapempha anthu asabalalike, ndipo tinakhala pansi pa msikidzi womwe uja. Agogo anabwera atagwira ndodo, atakalamba kwambiri, chipewa china koma mutu womwewo. Ndinawerenga Chingerezicho n'kumasulira m'Chikunda mzere ndi mzere, kuti asadzati mwanayu wabwera ndi chilankhulo cha kutauni. Ndinayendetsa chithunzi kuti aliyense agwire. Ndikanalekera pomwepo, koma mkwiyo wa zaka zonse unandikwera. Ndinalankhula monga mwana wamkazi sayenera kulankhulira pamaso pa akulu. Ndinati azungu munawaopa, n'kuluma mkamwini chifukwa ndiye anali pafupi. Ndinati makalata anu anakuwerengerani zaka zingati osapempha ngakhale dzira? Ndinatchula khasu la kumanda, ndipo amuna ena anayang'ana pansi. Kenako ndinatembenukira kwa agogo.

"Munawanyoza anthu akumva, agogo. Ndikupempha muwayeretse anthu akumvanso."

Agogo anagwira chithunzi chija nthawi yaitali, akuchiyandikitsa ndi kuchitalikitsa. Kaya ankadziyang'ana okha, kaya ankayang'ana atate, sindidziwa. Anavula chipewa, anakanda m'mutu, anachivalanso.

"Tamva," anatero.

Ine ndinalankhula m'Chikunda, iwo anandiyankha m'Chinyanja, monga amayankhira mlendo wobwera pagalimoto. Gulu linabwereza chapansipansi, "Tamva, tamva," n'kuyamba kunyamuka.

Atate ndinawapeza kudimba la kumtunda, akuthirira repu ndi ndowa ya kumjigo. Sanatembenuke.

"Ati chiyani?"

"Ati tamva."

Anathira madzi otsala pa mzere womaliza, anagwedeza ndowa kuti pasatsale kanthu. Kenako anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri ndinawaona akuseka, kuseka kopanda phokoso.

"Ndiye iwe wa unkhoswe wa mayiko," anatero, "usakalembe kuti avomera."